Khosi la Mbuzi ya ku Namwera

Nkhani iyi sindinaifotokozepo kwa munthu kuyambira kumutu mpaka kumchira. Zidutswa zina akuzidziwa mayi a kunyumba kwanga, zina akuzidziwa alamu anga, koma aliyense wa ife ali ndi mbuzi yakeyake, ndipo mbuzi zathuzo sizifanana. Ndaganiza zoilemba chifukwa pepala silidula munthu mawu. Kulembako ndinakuphunzira imvi zitamera kale, ku sukulu ya kwacha, nditakhala pa benchi limodzi ndi amayi ogulitsa usipa. Wofuna Chichewa chokometsera apite kwa aphunzitsi.

Ndinabadwira m'banja la Chiangilikani kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, kumene agogo athu analandira amishoni kalekale. Nditakula ndinawolokera kuno ku Makokola, ndinapeza ntchito pa hotela yosesa mchenga ndi kupalasa azungu pa bwato, ndipo ndinakwatira mwana wa Chisilamu wa ku boma. Abale ake anakana mpaka kutukwana. Amene anaimirira mbali yanga anali mchimwene wake wa mkaziyo, alamu angawo, mnyamata wa ukonde ngati ine. Pamaso pa amalume awo onse ananena kuti, "Munthu uyu ndamuona. M'nyumba mwake ine ndidzadya osafunsa."

Amene sanakhale kuno sangamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Msilamu sadya nyama imene sinazingidwe ndi Msilamu mnzake, moitchulira dzina la Mulungu, ndipo nyama yofa yokha kwa iye ndi haramu, chonyansa chenicheni. N'chifukwa chake Mkhristu wa kuno akakhala ndi ukwati kapena maliro, mbuzi saizinga yekha. Amaitana Msilamu kuti onse adye limodzi, ndipo wozingayo amapita ndi khosi kwawo. Kunena kuti udzadya osafunsa m'nyumba ya munthu wa tchalitchi ndi kumupatsa mimba yako kuti akusungire.

Mwana wathu woyamba wamkazi atapeza banja, ndinafuna kuti a ku boma aone kuti mlongo wawo sanakwatiwe ndi munthu wa matemba okhaokha. Ndinakwera mpaka ku Namwera n'kukagula mfule wakuda, wonenepa, wa banga loyera pamphumi, ndipo tinatsika limodzi pa lole ya chimanga. Alamu ndinawatumizira mawu kuti abwere m'mamawa ndi mpeni wawo.

Koma ine mbuzi ndinali ndisanawetepo. Kwathu chiweto ndi ukonde. Ndinatenga chingwe cha nailoni, ndinamangirira mbuziyo pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba, ndipo ndinamanga mfundo imene ndimaidziwa bwino, imene timamangira bwato pa doko kukamabwera mwera. Ubwino wa mfundo imeneyi ndi woti bwato likamakoka, iyo imathina. Chimene ndinaiwala n'choti bwato lilibe khosi.

M'mawa wa tsiku la ukwati, amayi atapita kukatunga madzi, ndinapita kukaiona. Inali itagona chammbali, lilime lili kunja, miyendo itaongoka ngati ya tebulo. Ndinaigwira pamimba ndipo panali pozizira ngati mtsuko. Ndikulemba zimenezi momveka chonchi chifukwa m'zaka zotsatira mbuzi imeneyi inasintha kwambiri.

Alendo anali panjira. Mbuzi ina panalibe. Ndinaikokera kuseri kwa uvuni wowambira nsomba, ndinatenga mpeni wotumbulira kampango, n'kuidula pakhosi. Magazi anatuluka pang'ono, akuda, aulesi ngati phula. Ngakhale mwana wamng'ono akanaona kuti pamenepa sipanafere mbuzi. Ndiye ndinagwira tambala wofiira amene ankayenda pabwalo, ndinamuzinga pomwepo, n'kuwaza magazi ake pamchenga. Tambalayo ndinamukwirira. Mbuzi ndinaisenda ndekha mwachangu, ndipo pamene amayi amafika ndi ndowa zawo anapeza nyama yoduladula kale m'beseni.

Alamu anafika dzuwa litakwera, akukankha njinga, thukuta lili chuchuchu. Tayala linawaphulikira panjira. Mpeni unali wokulunga m'nsalu yoyera.

"Alamu, mbuzi ili kuti? Mpeni uwu ndaunola mpaka ukumeta ndevu."

"Mwachedwa, alamu. Tinaopa kuti alendo adya mpunga wopanda ndiwo. Panadutsa Msilamu wina wogula nsomba, wa ku Namwera, ndiye tinamupempha."

"Mwana wa ndani?"

"Sindinafunse. Anavala kofiya."

Anapita kuseri kwa uvuni, ine ndili pambuyo. Anaona magazi ambiri ofiira bwino. Pambali pake panali nthenga imodzi imene ndinaiwala kutola. Nthawi yomweyo mphepo inabweretsa fungo la nyama ndi anyezi kuchokera ku mapoto. Alamu anasuntha phazi ndipo nthengayo inalowa mumchenga. Mpaka lero sindikudziwa ngati anaiponda dala.

"Wovala kofiya ndi m'bale wathu," anatero. "Nanga khosi watenga?"

"Anakana. Anali pachangu."

"Ndiye khosi ndi langa, poti woitanidwa ndinali ine."

Anadya mbale ziwiri, anavina pang'ono pamene amalume awo sanali kuyang'ana, ndipo pobwerera anamangirira khosilo pa chiwongolero cha njinga, lokulunga m'tsamba la nthochi. Msewu wonse mpaka ku boma anthu analiona. Mawa lake ena mwa alendo anatsekula m'mimba, ndipo mlandu unagwera thobwa limene anaphika azakhali ake a mkwati. Mayi ameneyo anamwalira anthu akunenabe kuti thobwa lake n'losayenera kupatsa mwana.

Chaka choyamba mbuzi inali yakufa, ndipo ndinkaiona nthawi iliyonse alamu akasamba m'manja pakhomo panga. Koma munthu sangayende ndi mbuzi yakufa pamutu mpaka kale. Patapita nyengo ndinayamba kukumbukira kuti pamimba paja panali pofundirako pang'ono, makamaka cha kumbali kumene inagonera. Kenako ndinakumbukira kuti khutu linagwedera. Pamene mdzukulu wanga woyamba amayamba kuyenda, mbuziyo inali itayamba kuphethira. Ndikanapanda kukalamba bwenzi pano itadzuka n'kuthawira ku Namwera.

Tchalitchi chinandithandiza kwambiri pa ntchito imeneyi, ngakhale sichinadziwe. Ife timalapa tonse pamodzi, titagwada, ndi mawu amodzi. Timalapa monga agulitsira usipa, pa ndowa, palibe amene amatola kansomba kamodzi n'kukayang'ana m'maso. Lamulungu lililonse ndinkaponya mbuzi yanga m'ndowa ya mpingo wonse, pansi pa miseche ya amayi ndi mowa wa akwaya, ndipo wansembe ankakweza dzanja n'kukhululukira ndowa yonseyo. Pofika kunyumba ndinkapeza mbuzi yafika kale, yagona pakhonde. Komabe ndife anthu odziwa kudzisangalatsa pa zinthu za Mulungu. Nthawi ya Lenti timasala nyama n'kumadya nsomba, ife asodzi amene nyama timaiona pa Khirisimasi. Timatuluka m'nyengo imeneyo titanenepa ndi chambo, tikuyenda mofooka kuti anthu aone kuti tavutika.

Ndisanamizire Akhristu okha. Abale a mkazi wanga ali ndi njira yawo, ndipo ndimaisirira chifukwa ndi yaukhondo. Kwa iwo chimene munthu wadya asakudziwa sichimuwerengedwa. Ndiye luso lonse lagona pa kudziwa pamene funso liyenera kuthera. Ndinaonapo amuna aakuluakulu akufunsa wogulitsa kanyenya funso limodzi lokha, atatembenuza kale khutu. Ndili mnyamata, nditangowolokera kuno, ndinkakoka nawo ukonde wa chilimira pa boti la Asilamu ku Nkhudzi. Kusala kwa Ramadani kukagwera m'chilimwe, dzuwa likafika paliwombo, ukonde unkayamba kukodwa pamiyala. Masiku ena onse sunkakodwa. Wina ankavula malaya n'kumira kuti akaukodole, ndipo madzi olowa m'kamwa mwangozi saononga kusala. Akatuluka, ukonde unkakodwanso, n'kumira wina. Ine amene sindinkasala ndikati ndimire ndiwathandize, ankandikaniza, ati ntchitoyi ndi yoopsa, ifunika anthu odziwa. Kunali mkulu mmodzi yekha amene sankamira. Ankakhala kumutu kwa boti milomo itang'ambika, ndipo anzake sankamukonda.

Ndinkaganiza kuti azungu alibe matenda odzinamiza amenewa, poti ali ndi mabuku. Pa hotela ndinaona kuti nawonso ali nawo, kungoti awo amalipira. Mzungu ankafika pa gombe, zovala zosambira atavala kale, mafuta atadzola kale, phazi limodzi lili m'madzi, n'kundifunsa ine ngati kuno kuli likodzo. Sankafunsa kuchipatala. Ankafunsa munthu wa bwato amene mchere wa kunyumba kwake unali pa yankho lakelo. Ankagulanso ziboliboli zimene anyamata anazikwirira m'matope sabata yapitayo, n'kumazinunkhiza, n'kumauzana kuti ndi za makolo. Ndipo pochoka ankandigwira paphewa n'kunena kuti anthu a kuno ndi osauka koma ndi okondwa. Ine ndinkaseka, poti ndiyo inali ntchito, ndipo iwo ankajambula kusekako n'kupita nako kwawo ngati umboni. Kusiyana kwake n'koti ife timadzinamiza pagulu, mothandizana, wina akayamba ena n'kuvomera ngati nyimbo. Mzungu amadzinamiza yekhayekha, koma amafuna wantchito woti amugwirire.

Ku sukulu ya kwacha ndinapitako ndikuuza anthu kuti ndikufuna kumawerenga ndekha mauthenga a ana pa foni. Mumtima ndinkafuna kufufuza m'mabuku a tchalitchi ngati muli lamulo lomasula munthu wa mlandu ngati wanga. Aphunzitsi ankandiyamikira pamaso pa amayi aja kuti ndine wakhama. Chimene ndinatulukira n'choti wodziwa kuwerenga amadzinamiza mofulumira kuposa wosadziwa, chifukwa tsamba likamuyang'ana moipa amatsegula lina.

Pamene mbuzi yanga inkatsitsimuka, ya alamu nayonso inkakula. Anthu amene anawaona ndi khosi pa njinga ankawayamikira kuti anazinga bwino pa ukwati wa ku Makokola, ndipo iwo poyamba ankangomwetulira. Pambuyo pake ndinawamva pa maliro ena akunena kuti munthu wa ku Namwera uja anagwira miyendo, mpeni anayendetsa ndi iwo. Patapita zaka wa ku Namwera anasowa m'nkhanimo, pamalo pake ndinalowa ine. Ndinkamva zonsezi nditakhala pa mkeka womwewo. Sindinatsutse. Kunena zoona, ndinkakonda kumvera, chifukwa m'nkhani yawo mbuzi inkalira mokweza.

Koma nkhaniyo ikatha, mtima unkabwerera pamalo pake. Injini ya boti lawo itamira, ndinati ndi mbuzi. Mano awo atayamba kuguluka, ndinati ndi khosi lija. Mwana wawo atalephera mayeso, ndinatinso ndi mbuzi, ngakhale mwanayo ankajomba kusukulu mudzi wonse ukuona. Pano ndimaona kuti kumenekonso kunali kudzikweza. Ndinadziyesa munthu wamkulu woti tsoka lililonse la banja la eni liyenera kudutsa kuseri kwa uvuni wanga.

Chaka chino mwana wawo wamwamuna amene ali ku Joni wawakonzera ulendo wa ku Maka. Munthu wopita ku Haji amayamba wazungulira abale ndi anansi kupempha kuti amukhululukire, kuti apite wopepuka. Alamu anazungulira ku boma konse, ku Nkhudzi, mpaka ku Namwera, ndipo ine anandisiyira kumapeto, tsiku loti mawa lake anyamuka. Anafika masana pa njinga yamoto ya kabaza, atavala mkanjo woyera watsopano umene unali ukadali ndi mizere ya m'pepala. Tinakhala pakhonde. Mlongo wawo anawapatsa moni n'kupita kukhitchini.

"Alamu, ndabwera kudzachapa," anatero. "Ngati ndinakulakwirani, nenani lero. Mukadzanena ndili m'ndege sindidzamva."

"Zolakwa zanu n'zambiri, alamu, tifunika kutumiza ana akagule sopo."

"Yambani ndi zikuluzikulu, kabaza akudikira."

"Munauza anthu kuti ndikamaimba m'kwaya achule amasamuka."

"Chimenecho si cholakwa, ndi umboni. Koma khululukani."

"Ndakhululuka."

"Ndinanenanso kuti mlongo wanga akanakwatiwa ndi mwini golosale uja bwenzi pano ali ndi nyumba ya malata."

"Chimenecho sindinachimve."

"Ndinanena kumbali. Khululukani."

Ndinakhululuka, tinaseka, ndipo anavula nsapato n'kutambasula miyendo. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, akuyang'ana zala zawo.

"Mukudziwa, alamu, ine si munthu wolungama. Swala, mapemphero athu aja, ndinaphonyapo zambiri, makamaka usipa ukagwa. Mkazi wanga ndinamulankhulapo mawu oti sindingawabwereze. Koma chilipo chimodzi chimene ndikupita nacho mutu uli m'mwamba. Chibadwire, pakamwa panga sipanalowe haramu. Pa njala ija anthu anadya zosatchulika, ine ndinagona ndi madzi. Ndikakaima kumene kuja ndidzati, zina zonse ndinalephera, koma mimba iyi ndabwera nayo monga munandipatsira."

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Mwina ndinaona kuti munthuyu akupita kutali ndipo ndi wokalamba, mwina sabwerera. Mwina ndinachita nsanje kuti iye akupita wopepuka. Ndinawauza zonse: mfundo ya bwato, lilime, miyendo, mpeni wa kampango, tambala. Pofotokozapo mbuziyo inafanso m'kamwa mwanga, n'kuzizira monga inalili tsiku lija.

Alamu anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mbuzi yakuda ija, ya banga pamphumi?"

"Yomweyo."

"Alamu, mwayamba kumwa mankhwala anji? Mbuzi imeneyo ndinazinga ndine. Inu munagwira miyendo yakumbuyo, mukunjenjemera ngati mwagwira ng'ona. Inakuponderani pachifuwa. Magazi anandithimbiritsa malaya."

"Munafika mochedwa. Tayala linaphulika."

"Tayala linaphulika pobwerera."

"Munapeza nyama ili pamoto. Ndinakuuzani za munthu wa ku Namwera."

"Ku Namwera kunachokera mbuzi, osati munthu. Mwasakaniza. Nanga khosi ndinalitenga bwanji? Khosi amapatsa munthu wongobwera kudzadya? Pitani ku boma mukafunse aliyense wa msinkhu wathu kuti anazinga ndani pa ukwati umenewo."

"Alamu, ine ndikupempha kuti mundikhululukire."

Kuseka kunatha. Anavala nsapato imodzi n'kuigwira inayo m'manja.

"Sindingakhululukire munthu chinthu chimene sanachite. Kumeneko ndi kuchitira umboni bodza, ndipo ine mawa ndili paulendo. Pemphani china."

Ndinalibe china. Ndinali nditakonzekera kutukwanidwa, ngakhale kumenyedwa ndi nsapato ija, koma sindinaganizepo kuti munthu angapite ndi mlandu wake kwa mwini wake, mwini wakeyo n'kukana kuulandira. Alamu anavala nsapato inayo.

Mayi a kunyumba anabwera ndi madzi osamba m'manja, mpunga, ndi nkhuku imene anaphikira mchimwene wawo yotsanzikana. Alamu anasamba, anavundukula mbale, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Chemwali," anatero osadzutsa mutu, "nkhukuyi wazinga ndani?"

Chikwatire mlongo wawo, funso limeneli linali lisanamvekepo pakhomo panga. Mayi anayankha kuti wazinga ndi mwana wa ashehe wa kuseri kwathuku, ndipo zinali zoona. Alamu anavomera ndi mutu. Anadya mpunga wokhawokha, pang'ono, n'kunena kuti adokotala anawaletsa mafuta. Anatsanzika mwaulemu wonse, ngati mlendo, n'kukwera kabaza.

Mayi anatola mbale osandiyang'ana. Atabwerako anakhala pa mkeka ndi lichero n'kuyamba kusankha mpunga wa mawa. Anali atamva zonse, poti khitchini yathu ilibe chitseko.

"Ndiye tambala wanga anathera pamenepo," anatero. "Zaka zonsezi ndimanena kuti anaba ndi ana a kwa aneba."

"Za mbuzi simunadziwe?"

"Ndinadziwa nditangovundukula beseni. Ndinakulira m'nyumba yozinga mbuzi ine, abambo. Nyama ija inali yakuda ngati chiwindi. Ndinathira matimati ambiri ndi binzari, ndinaiwiritsa mpaka kulekana ndi mafupa, ndipo ineyo ndinadya nyemba."

"Osawauza achimwene anu?"

"Ndinali ndi ukwati wa mwana wanga woti ndiyendetse. Achimwene akanandifunsa ndikanawauza. Iwo anafunsa mphuno yawo."

"Ndiye simunavutike mumtima?"

"Ndinalakwa, ndikudziwa kuti ndinalakwa, ndipo ndinauza Mulungu tsiku lomwelo kuti ndalakwa koma alendo adya. Mbuzi yanga inafa kamodzi. Yanu ndi ya achimwene ndi zimene zakhala zikudya msipu mpaka lero."

Mkazi ameneyu ndakhala naye moyo wanga wonse, ndipo sindinamvetse kuti anthu ena anapangidwa bwanji. Amaona chinthu monga chilili, n'kuchiika pansi, n'kupita kukatunga madzi. Sindinganene kuti anatengera ku Chisilamu, poti mchimwene wake anayamwa bere lomwelo. Sindinganenenso kuti anatengera ku tchalitchi, poti tchalitchicho anachipeza kwa ine. Ngakhale iyeyo ali nako kake: mpaka lero nkhumba sadya, ati imamutulutsa ziwengo, pamene sanailawepo.

Ndinati mwina mawa ndipite nawo ku boma kuti akachitire umboni, achimwene awo akhulupirire, andikhululukire bwinobwino.

Anasiya kusankha mpunga. "Kuti apindule ndani?"

"Choonadi ndi choonadi, mayi."

"Choonadi chimenechi chinali ndi miyendo zaka zonsezi, bwanji sichinayende? Mwadikira munthu wamanga chikwama, ndiye mukufuna mulowetsemo katundu wanu kuti akakunyamulireni. Achimwene alibe boti, alibe mano, swala ndi zoperewera. Anatsala ndi mimba yawo yokhayo. Mwaona mmene anayang'anira nkhuku ija? Kumene akupitako azikayang'ana choncho mbale iliyonse, ndipo akakaima pamalo pamene alota moyo wawo wonse azikaganiza za uvuni wanu. Mlandu kwa Mulungu alibe, poti sanadziwe. Koma tulo mwawalanda."

"Nanga ine?"

"Inu mwazolowera," anatero, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Ndinaganiza za mkulu uja wa ku Nkhudzi amene sankamira, mmene ndinkamulemekezera, ndi mmene ndinkadziuzira kuti tsiku lina ndidzakhala ngati iye. Tsikulo linali litafika, ndinali nditanena zoona kamodzi m'moyo wanga, ndipo chimene chinatulukapo ndi nkhalamba yoopa nkhuku ya mlongo wake.

Kutacha ndinavala jekete la ku tchalitchi, ndinakwera minibasi yoyamba, n'kutsikira ku boma. Pakhomo pa alamu panali anthu ambiri operekeza, amayi akuimba, adzukulu akulimbirana kugwira sutikesi. Iwo anali atakhala okha pa mpando kumbali kwa nyumba, maso ali ofiira, tiyi atazizira pansi osamukhudza. Atandiona anayang'ana kumbali.

Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Alamu, dzulo ndinakunamizani. Ndi ukalamba. Ndinasakaniza ndi mbuzi ina ya ku tchalitchi, imene tinadya tokhatokha Akhristu. Ya pa ukwati ija munazinga ndinu. Ine ndinagwira miyendo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa chimene ankafunafuna pankhope panga, ndipo sindikudziwa ngati anachipeza.

"Yakumbuyo," anatero.

"Yakumbuyo."

"Munkanjenjemera."

"Ndinkanjenjemera kwambiri."

"Inakuponderani pachifuwa."

"Mpaka lero pamapweteka kukazizira. Ndikhululukireni chifukwa cha mawu a dzulo."

Anapuma mozama, anawerama, n'kutola kapu ya tiyi wozizira uja, n'kumwa theka.

"Akhristu mumakalamba moipa," anatero. "Ndakukhululukirani, alamu. Ndi mtima wonse."

Anatambasula dzanja ndipo ndinalilandira ndi manja awiri. Kenako ndinalanda sutikesi kwa adzukulu aja, ndinaisenza paphewa, n'kuyenda nayo patsogolo pawo mpaka pa siteji.